Bala Pamwamba pa Diso la Naima

Chibadwire Yakobo anali asanamenyepo munthu. Kusukulu womenyedwa anali iye, ndipo ku loji ya ku Nkopola kumene ankaperekera alendo zakudya ankadziwika kuti akagunda mpando amaupepesa. Koma Lachinayi lija masana, kutangotsala masiku awiri kuti amalume ake akaonekere kwa akuchikazi, anapezeka ataima pakati pa chipinda chake cha lendi manja ali kumutu, akuonerera magazi akutsika pankhope pa Naima.

Nkhani yake inayamba ndi mlendo wina wa ku Ulaya amene pobwerera kwawo anamusiyira makina a gemu olumikiza ku TV, ati chikwama chalemera. M'makinamo munali gawo lachiwiri la gemu ya malupanga. Gawo loyamba Yakobo analisewerapo kale m'tauni, lija lomangodina mabatani utakhala pansi ngati kalaliki. Lachiwirili linali nkhani ina. Umaimirira, n'kugwira kandodo koyera kooneka ngati rimoti. Ukakweza dzanja, lupanga la pa TV limakwera. Ukatema cham'mbali, nalo limatema cham'mbali. Ukaloza kutsogolo n'kukoka kabatani ka pansi ndi chala, lupangalo limasanduka mfuti, achifwamba a padenga n'kumagwa ngati mango. Kandodoko kanali ndi kachingwe kokoloweka pamkono, koma Yakobo ankati kachingweko anaikira ana ndi azungu. Mdzukulu wa asodzi okoka ukonde wa chilimira sangapulumutse kanthu kolemera ngati nthochi imodzi.

Ankadzitcha katswiri wa lupanga kuyambira ku Makokola mpaka pa mlatho wa ku Mangochi, ndipo panalibe womutsutsa, poti ena amene anagwirako kandodoko anali awiri okha: mlonda wa pa loji, amene anatema kawiri n'kumva msana, ndi Naima.

Naima anali mwana wa m'banja la Chisilamu la m'tauni ya Mangochi, ogulitsa mpunga ndi nsalu. Kwawo ankadziwa kuti Lachinayi lililonse masana amakhala ku sukulu ya zosoka. Kuyambira mwezi wa Juni sukuluyo inasamukira m'chipinda cha Yakobo, chitseko chili chotseka chifukwa kuwala kwa panja kumasokoneza TV. Sankachitamo chilichonse chochititsa manyazi, ankangopha achifwamba. Koma Yakobo ankadziwa kuti kwa Che Amidu, mjomba wake wa Naima, amene ndiye anali ndi mawu omaliza pa za ukwati wa mwana wa mlongo wawo, chitseko chotseka ndi chitseko chotseka basi.

Tsikulo kunatentha monga kumatenthera mu Okutobala. Anafika pa mdani wina wamkulu wovala zitsulo, amene sagwa ndi chipolopolo kapena ndi kutema kwaulemu. Yakobo anauza Naima kuti asunthe pang'ono aone mmene amuna amachitira. Anabweza dzanja kumbuyo mpaka phewa kulira, n'kutema ndi mphamvu zake zonse. Lupanga la pa TV linatema mphepo. Kandodo kanatuluka m'dzanja lathukuta n'kukatera pamwamba pa diso lakumanzere la Naima.

Naima sanalire. Anakhala pa mpando, anagwira pamalopo, n'kuyang'ana zala zake.

"A Yakobo," anatero, ndipo Yakobo anazizidwa, chifukwa ulemu wotere Naima ankaupereka zinthu zikaipa pokha. "Mwaima ngati mtengo wa magetsi. Ndipatseni nsalu yoyera, ndipo muzimitse chinthucho. Munthu wanuyo akukuphani."

Pa TV, wovala zitsulo uja analidi akumaliza ntchito yake.

*

Anakwera njinga yamoto ya kabaza mpaka pa kachipatala kena kolipira ka m'mbali mwa msewu, kutali ndi msika kumene aliyense amamudziwa Naima. Njira yonse Yakobo ankafunsa ngati diso likuona, ndipo Naima ankayankha kuti likuona bwino lomwe, likuona munthu amene anauzidwa za kachingwe kambirimbiri.

Nesi wake anali mayi wachikulire wa magalasi pamphuno. Anayang'ana bala, anayang'ana malaya oyera a Yakobo amene tsopano anali ndi mapu ofiira, kenaka anafunsa chomwe chachitika. Yakobo anafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira pa mlendo wa ku Ulaya, ndipo pofika pa wovala zitsulo anaimirira kuti aonetse mmene anatemera. Nesi anamuuza kuti akhale pansi.

"Bambo, ntchito ino ndaigwira zaka makumi awiri," anatero. "Ndamvapo za chitseko, za nthambi ya mango, za mpini wa khasu umene unadumpha wokha. Za lupanga la mu TV ndayamba kumva lero. Tulukani, ndilankhule ndi mwanayu payekha."

Asanatseke chitseko anawonjezera kuti mabala otere, mwamuna akabwera nawo akunjenjemera chonchi, iwo amafuna kalata ya kupolisi. Amusoka kaye poti magazi sadikira kalata, koma m'kabuku alembamo zimene maso awo aona.

Liwu loti polisi linamutsatira Yakobo panja. Anakhala pa benchi ya panja akudziona ali kumbuyo kwa galimoto yopanda denga, anthu a ku Nkopola akumuloza ndi milomo. Anadziona bwana wa pa loji akumulanda tayi. Anali asanamalize kudziona pamene galimoto yofiira inaima pansi pa mtengo, ndipo munatuluka Swadick, akuthandiza mayi ake kutsika.

Swadick anabwera kuchokera ku Joni chaka chatha ndi galimotoyo, unyolo wa m'khosi, ndi chizolowezi choyankha foni imene sinalire. Mayi ake a Naima ankamufuna poyera: Msilamu mnzawo, mwana wa mnzawo, mwini shopu ya mafoni. Ndipo mwa zipatala zonse za m'boma la Mangochi, mayi ake a Swadick anasankha chimenechi kudzayezetsa kuthamanga kwa magazi.

Yakobo ndi Swadick anapatsana moni ndi ulemu wa anthu odana. Swadick anafunsa ngati ku loji ayamba kuphera nkhuku pa malaya, ndipo Yakobo anali akufunafuna yankho pamene Naima anatuluka, bandeji yoyera ikusuzumira pansi pa mpango wake. Mayi ake a Swadick anagwira pakamwa. Swadick anangoyang'ana bandeji, malaya, bandeji, mofatsa ngati munthu amene waona foni yogwa mumsewu ndipo akudikira kuti anthu adutse. Kenaka anatsegula chitseko cha kumbuyo n'kunena kuti Naima, amene anamutcha mlongo wake, sangakwere njinga ndi mutu wosokedwa. Naima anayang'ana Yakobo kamodzi, n'kukwera.

*

Uthenga woyamba unafika dzuwa lisanalowe. Naima analemba kuti amusoka katatu, nesi wamufunsa kasanu ngati amamenyedwa, ndipo kasanu konse wakana. Kunyumba wanena kuti wagundidwa ndi chitseko cha minibasi. Yakobo anayankha ndi mauthenga khumi ndi umodzi opepesa, wina uli ndi chithunzi cha duwa. Naima anabweza mawu atatu: "Kupepesa sunga. Ganiza."

Bodza la minibasi linakhala ndi moyo tsiku limodzi losakwana. Lachisanu, pochokera ku mzikiti, mayi ake a Swadick anadutsira kukazonda wodwala atanyamula malalanje, ndipo pochoka anasiya malalanjewo pamodzi ndi nkhani ya malaya a magazi. Naima analembanso ali kubafa, madzi akuthira pansi kuti amveke ngati akusamba.

"Adziwa kuti unali iwe. Ndawauza za gemu. Amayi akuti wandidyetsa mankhwala. Tamvetsetsa bwino: ndinabwera kamodzi kokha, dzulo, kudzakuyeza malaya a Loweruka. Chitseko chinali chotsegula. Kamodzi kokha, Yakobo. Ukanena zina sadzandilolanso kutuluka pageti."

Yakobo anafunsa ngati bala likupweteka. Anafunsanso ngati akumukondabe. Mauthengawo anaonetsa kuti awerengedwa, koma yankho linachedwa mpaka iye anamaliza kuluma zikhadabo za dzanja limodzi. Litabwera, silinali la Naima.

"Ndine Amidu, mjomba wake wa mwini foni. Mawa musabwere kuno. Ndibwera ndine, folo koloko. Ndikufuna ndione ndi maso anga chimene chang'amba mwana wa mlongo wanga. Ndikachiona ndidziwa ngati tikukamba za ukwati kapena tikupita kupolisi."

Che Amidu anali wozinga ndi kugulitsa nyama pamsika. Mbuzi zambiri za m'tauni nkhope yomaliza kuiona inali ya Che Amidu. Anakhala ku Joni zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo anabwerako ndi mawu ochepa kuposa amene anapita nawo. Panatenga miyezi isanu kuti alole kungomva chabe zimene banja la Chikhristu la asodzi likufuna kunena, ndipo analola atafufuza n'kumva kuti mnyamatayo samwa, satchova juga, komanso alibe ukali. Mfundo yachitatuyi tsopano inali ndi bandeji.

Foni inaliranso, nambala yachilendo. Anali Swadick, mawu ake ofewa ngati a m'busa. Anati akulankhula ngati mbale. Anafotokoza mmene chitokosi chimakhalira mwezi wotentha uno, anthu angati amagona pa simenti imodzi, ndi mmene nkhani za kumenya akazi sizichedwera masiku ano. Anati akanakhala iye akanakwera basi ya m'mawa n'kukapuma kaye kwa abale kutali, ndipo ngati mayendedwe akuvuta iye akhoza kukamusiya pa siteji. Yakobo anathokoza. Atadula foni anazindikira kuti wathokoza, ndipo anadzida.

Koma za basi anaziganizira ndithu. Anatulutsa chikwama pansi pa bedi, anachiyang'ana, anachibwezera. Kenaka anathamangira kugombe kwa amalume ake, a Simioni, amene anawapeza akusoka ukonde pamthunzi. Iwo anamvetsera nkhani yonse osakweza mutu. Atatha anafunsa ngati mwini makinawo angaitanidwe kudzakhala mboni. Atauzidwa kuti ali ku Ulaya, anati iwo anabwereka jekete kwa mkulu wa mpingo chifukwa cha Lowerukali, ndipo jeketeyo aivala ndithu, kaya n'kokamba za ukwati kaya n'kupolisi.

*

Alendo anafika folo koloko yeniyeni pa galimoto yofiira, poti Swadick, mtima wake wabwino, anadzipereka kuwanyamula. Che Amidu anatsika atavala mkanjo woyera ndi kofiya. Anali akuchokera kumsika, ndipo m'thumba lachikopa limene anaika pansi pafupi ndi phazi lawo munalira zitsulo. Yakobo anayesetsa kusayang'ana thumbalo, ndipo anangokhalira kuliyang'ana. Naima anakhala pa mpando pafupi ndi khomo, maso ali pansi. A Simioni anali m'jekete, akutuluka thukuta mwaulemu.

Moni unatenga nthawi yake. Kenaka Che Amidu anafunsa kuti mwana wawo wafika kangati m'nyumba muno. Yakobo anati kamodzi, mawu ake akumveka ngati a munthu wina wamng'ono thupi. Anafunsa za chitseko. Yakobo anati chinali chotsegula. Anapempha kuona kandodo kaja, anakatembenuza, anakayesa kulemera kwake pachikhatho, n'kukabweza.

"Ukuti kanathawa m'manja. Kathawitse ndione."

Yakobo anayatsa TV, anapita pa wovala zitsulo uja, n'kutema. Kandodo kanakhala m'dzanja. Anatemanso. Kanakhalabe. Mantha anali atalimbitsa zala zake moti ngakhale amuna anayi sakanakachotsa. Anayesa kumasula pang'ono, koma kanangogwera pa mapazi ake ngati sopo. Swadick anatsokomola, n'kunena kuti mwina Lachinayi kanali ndi mapiko. Anawonjezera, akulankhula ndi khoma, kuti ku Joni anaona amuna ambiri ofatsa pamaso pa anthu.

Che Amidu anati apitirize. Yakobo anatema, anawombera, anatema, anaphedwa katatu n'kudzukanso katatu. Malaya anamatirira kumsana. Chitokosi anayamba kuchiona bwinobwino, ndi ndowa yake ya pakona. Ulendo wachinayi wovala zitsulo anakweza nkhwangwa, ndipo Yakobo anaiwala alendo, anaiwala thumba, anabweza dzanja mpaka phewa kulira.

Kandodo kanadutsa pafupi ndi khutu la Che Amidu, kanagwetsa kofiya, n'kukamenya khoma. Mabatire anagubuduka mpaka pansi pa bedi.

A Simioni anatseka maso, milomo ikuyenda. Che Amidu anawerama pang'onopang'ono, dzanja lawo likutsikira kumene kunali thumba, ndipo Yakobo anatsanzika dziko chamumtima. Dzanjalo linapitirira thumba n'kutola kofiya. Anaikuntha fumbi, anaivala, napita kukaona pamene kandodo kanakumba pulasitala wa khoma. Anaikapo chala.

"Mpeni wonyowa chogwirira umachita chimodzimodzi," anatero. "Nsonga ya chala ichi ndinaisiya ku Joni. Uyu si womenya akazi, Che Simioni. Ndi chitsiru chabe. Za chitsiru tikhoza kukambirana."

Yakobo anali asanamvepo mawu okoma chotero m'moyo wake.

Nkhani ikanathera pomwepo, tiyi akanabwera. Koma Che Amidu anali ataonerera katemedwe ka Yakobo kwa theka la ola, ndipo monga munthu wa ntchito yawo kanawapweteka mtima. Anati mnyamatayu amatema ndi phewa ngati akugwetsa mtengo, pamene chinthu cholimba chimatsegulidwa polumikizira. Anaitanitsa mabatire, anapinda manja a mkanjo, anakoloweka kachingwe pamkono popanda wowauza, naima patsogolo pa TV.

Naima ndiye anayamba kuona ngozi. Anati nthawi ya mapemphero a swala yayandikira, ndi bwino azipita. Che Amidu anati dzuwa likadalipo. Naima anayang'ana Yakobo, kenaka TV, kenaka soketi ya pakhoma, ndipo Yakobo anamvetsa mochedwa. Gawo loyamba, munthu akapambana, linkangoimba nyimbo. Lachiwirili opanga ake analiwonjezera nzeru: mdani wamkulu aliyense akagwa, limaonetsa mndandanda wa opambana khumi, dzina ndi tsiku. Soketi inali kuseri kwa Che Amidu ndi thumba lawo. Yakobo anapempherera magetsi, amene amazima Loweruka lililonse popanda kupemphedwa. Tsikulo anali okhulupirika.

Che Amidu anatema katatu kokha, phewa osagwedezeka: pakhosi, m'khwapa, pabondo. Wovala zitsulo anagwada. Nyimbo inalira, ndipo a Simioni, amene sankadziwa kanthu, anaomba m'manja.

Mndandanda unakwera pang'onopang'ono, zilembo zikuluzikulu zagolide. Che Amidu anatulutsa magalasi m'thumba la mkanjo.

"Naima, Juni 12," anawerenga. "Naima, Juni 26. Naima, Julayi 10. Naima, Julayi 31. Naima, Ogasiti 14." Anaima kaye. "Alipo Naima wina ku Nkopola kuno?"

Yakobo anatsegula pakamwa. Anaganiza zonena kuti dzinalo ankalilemba yekha chifukwa cha chikondi, ndipo bodzalo linali labwino ndithu, mwina likanayenda. Koma Swadick anali atatsegula kale kalendala pa foni, ndipo ananena mofatsa kuti n'zodabwitsa, masiku onsewo ndi Lachinayi, tsiku la sukulu ya zosoka.

Naima anaimirira.

"Ndine, amjomba. Ndinkabwera ndekha, palibe anandikakamiza. Sitinachite choipa chilichonse."

"Chitseko?"

"Chotseka."

Che Amidu anavula kachingwe, anaika kandodo pa tebulo mosamala ngati ka mwini, n'kupinda magalasi. Sanakweze mawu, ndipo Yakobo akanakonda akanakweza. Anauza a Simioni kuti za polisi aiwale, bala ndi ngozi, ndipo ngozi munthu amakhululuka. Koma mnyamata amene wawanamiza kawiri akuwayang'ana m'maso, tsiku loyamba kukhala naye pansi, sakudziwa kuti angakambe naye bwanji za mwana wa mlongo wawo. A Simioni anayamba kupepesa, koma anauzidwa kuti asavutike, wolakwa si iwo. Naima mawa m'mawa apita ku Chowe kwa mayi ake aakulu, kumunda, ndipo foni yake itsala m'tauni mpaka iwo adzamalize kuganiza. Kuti adzamaliza liti, sananene.

Yakobo anafuna kuyang'ana Naima, koma pakati pawo panali pataima Swadick, makiyi akulira m'manja.

Che Amidu anafunsa Swadick ngati galimoto ili ndi mafuta okwanira kukwera ku Chowe. Swadick anati alipo okwanira kupita ndi kubwerera, ndipo ngati kungafunike munthu womakamuzonda Naima ndi kumupititsira sopo ndi shuga, iye akhoza kumapita ngakhale kawiri pa sabata.

Che Amidu ananyamula thumba lawo, zitsulo zinalira, naima pakhomo akuganiza.

"Kamodzi n'kokwanira," anatero kwa Swadick. "Uzipita Lachinayi. Tsiku limenelo Naima sakhala ndi chochita."